Si Makina Amene Adagwetsa Osindikiza a ku Fleet Street

Pali bodza limene lakhala likuyenda kwa zaka zambiri, ndipo poti olinena ake ndi anthu ovala mataye, ambiri alilandira ngati choonadi. Bodzalo likuti osindikiza nyuzipepala a mumzinda wa London, amene mabungwe awo adali m'gulu la amphamvu koposa m'dziko la Britain, adagwetsedwa ndi makina atsopano m'chaka cha 1986, ndipo palibe munthu woti nkumloza chala chifukwa nthawi ikasintha yasintha. Ena amaonjezapo kuti anthuwo adali aumbombo ndi aulesi, kotero kuti kugwa kwawo kudamasula nyuzipepala ku ukapolo. Ine ndikukana zonse ziwiri. Ndikukana pa tsamba lino chifukwa bodza lomweli akulinenanso kwa kalaliki wa mu ofesi, kwa wowerenga ndalama kubanki, ndi kwa wina aliyense amene akuuzidwa kuti kompyuta yamlanda ntchito, tsono angokhala chete.

Tiyambe ndi chitsulo chenichenicho, pakuti achinyamata ambiri sadachionepo. Kale tsamba la nyuzipepala linkayambira m'manja mwa osanja zilembo, amene ankandanda mizere ya zilembo za mtovu m'felemu yachitsulo. Tsamba lotere lidali lathyathyathya ndiponso limodzi lokha, pamene makina othamanga ankafuna tsamba lopindika loti lizungulire pa mgolo. Apa mpamene pankalowa gulu lina la amisiri. Iwo ankatenga chikatoni chofewa nkuchipsinja pamwamba pa zilembozo mpaka chilembo chilichonse chitasiya dzenje lake. Chikatonicho chikauma chinkasanduka chikombole, monga chija timaumbira njerwa. Ankachipinda, nkuthiramo mtovu wosungunuka wosakaniza ndi tini ndi antimoni, wotentha madigiri pafupifupi 300. Chotuluka m'menemo chidali chitsulo chonga theka la mgolo, cholemera makilogalamu pafupifupi 20, chokhala ndi tsamba lonse m'zilembo zotembenuka zimene zimawerengeka bwino pagalasi. Azungu ankachitcha stereotype.

Ubwino wake udali wakuti m'chikombole chimodzi ankaumbamo zitsulo zambiri za tsamba lomwelo, ndiye kuti makina khumi ankatha kusindikiza nkhani imodzi pa nthawi imodzi. Ntchito ikatha, zitsulozo ankaziponyanso mumphika kuti mtovu womwewo uumbe nkhani za mawa. N'chifukwa chake zidatsala zowerengeka zokha, zimene tsopano zili m'nyumba zosungira zinthu zakale kapena m'manja mwa anthu okonda kusonkhanitsa zamakedzana.

Mphamvu za osindikiza zidagona pa chitsulo chimenechi. Nyuzipepala ili ngati usipa wauwisi: ukapanda kugulidwa lero, mawa palibe woufuna. Nyuzipepala za ku London, zimene zambiri zinkasindikizidwa mumsewu wa Fleet Street ndi m'timisewu toyandikira, zinkayenera kufika pa siteshoni usiku womwewo kuti sitima zizitengere m'dziko lonse. Oumba zitsulo akangoimika manja kwa maola awiri, sitima inkanyamuka yopanda katundu, ndipo mwini nyuzi ankataya ndalama za tsiku lonse. Eni nyuzi ankadziwa zimenezi, antchito ankadziwanso.

Tsono amene amati makina ndiwo adapha mabungwewa atiyankhe funso ili: kodi makina atsopano adayamba kufika m'nyumba zosindikizira m'chaka cha 1986? Iyayi. Chitsulo chomwe tikunenachi chidali chachilendo pa nthawi yake. William Ged, wosula golide wa ku Edinburgh, adayamba kuumba masamba athunthu cha m'ma 1725, ndipo adadandaula kuti amisiri ankamuonongera ntchito mwadala poopa kuti idzawalanda chakudya. Adamwalira ali wosauka m'chaka cha 1749. Koma luso lake silidafe. Claude Genoux wa ku Lyon, m'dziko la France, adalembetsa njira ya chikombole cha mapepala m'chaka cha 1829, ndipo pomafika zaka za m'ma 1860 nyuzipepala zikuluzikulu za ku London ndi ku New York zinkasindikiza ndi zitsulo zopindika. Osanja zilembo sadathe. Masamba adachuluka, owerenga adachuluka, ntchito idachulukanso.

Chimodzimodzi ndi makina oyendera nthunzi. Pa 29 Novembala 1814, John Walter, mwini wa The Times, adasindikiza nyuzipepala yake pa makina a Friedrich Koenig amene adawaika mobisa m'nyumba yoyandikana, antchito ake osadziwa. Makinawo ankadinda mapepala 1,100 pa ola, pamene a manja ankadinda pafupifupi 250. M'mamawa adauza oyendetsa makina akale kuti nyuzi yatuluka kale, koma adawalonjeza kuti apitiriza kuwalipira mpaka atapeza ntchito ina. Kodi mabungwe adafa? London Society of Compositors, bungwe la osanja zilembo, lidakhazikika m'chaka cha 1848, patapita zaka 34 chifikire makina a nthunzi.

Kenaka kudabwera Linotype, makina a Ottmar Mergenthaler, amene adayamba ntchito ku New York Tribune m'chaka cha 1886. Munthu mmodzi wokhala pa makinawo ankachita ntchito ya osanja zilembo angapo. Apa ndiye padali poyenera kufera bungwe la ku Amereka la International Typographical Union, limene lidayamba m'chaka cha 1852. Koma atsogoleri ake adachita zanzeru. Sadatenge nyundo kukaphwanya makina. Adati makina abwere, koma owayendetsa akhale mamembala athu, malipiro asatsike, ndipo maola achepe. Bungwelo lidakula kuposa kale. Ngati makina akadakhala ndi mphamvu yopha bungwe paokha, bwenzi atalipha mu 1814, kapena mu 1886. Adadikiranji mpaka 1986?

Tibwere kwa amene amati osindikiza adali aumbombo chabe. Anthu amenewa amayamba nkhani pakati, ngati wofika mochedwa pa bwalo la milandu. M'chaka cha 1810, antchito 19 a The Times adaponyedwa m'ndende, ena miyezi isanu ndi inayi, ena zaka ziwiri, pa mlandu wopangana kuti apemphe malipiro abwino, poti pa nthawiyo malamulo a dziko la Britain ankaletsa antchito kugwirizana. Malamulowo adachotsedwa mu 1824. Ntchito ya mtovu idali ya usiku, ya utsi ndi fumbi, m'zipinda zotentha zopanda mpweya wabwino, ndipo chifuwa chachikulu chidatenga osindikiza ambiri adakali anyamata. Ku Colorado Springs kudamangidwa nyumba yosamalira osindikiza okalamba ndi odwala m'chaka cha 1892. Lidamanga ndi bungwe lawo. Ndi bungwe lomwelo limene lidanyanyala ntchito mu 1906 mpaka lidapata maola asanu ndi atatu pa tsiku, pamene antchito ambiri a m'mafakitale ankagwirabe maola khumi. Amene lero amaweruka dzuwa likadalipo aziyamba wathokoza anthu otere asanawatukwane.

Komabe sindidzawabisira zolakwa zawo, chifukwa m'zolakwamo ndimo muli phunziro. Ku Fleet Street mphamvu zidawaledzeretsa. Padali makina amene ankalembedwa anthu ambiri kuposa ofunika. Padali aganyu a usiku zikwi zingapo amene ankalandira malipiro polemba maina abodza, ena mpaka dzina la Mickey Mouse, pofuna kuzemba msonkho, ndipo nkhaniyi idafika ku bwalo lalikulu la House of Lords mu 1981. Izi zidali zamanyazi. Koma tisaiwale kuti eni nyuzi ankasainira okha mapangano amenewa. Ankatero poopa kutaya nyuzi ya usiku umodzi, ndiponso podziwa kuti mtengo wokwera wosindikizira unkatsekereza aliyense wofuna kuyambitsa nyuzipepala yopikisana nawo. Mbale ya chinyengocho ankadyera limodzi, koma potsuka adaisiyira wantchito yekha.

Cholakwa chachikulu koposa chidali china: kugawanika ndi kunyozana. M'nyumba imodzi yosindikizira mudali mabungwe angapo, ndipo m'bungwe lililonse mudali timagulu timene ankatitcha chapel, kalikonse ndi mtsogoleri wake, kalikonse ndi mapangano ake. Osanja zilembo ankadziona ngati mafumu a ntchito. Oumba zitsulo adali ndi bungwe lawolawo mpaka 1967, pamene adalowa mu National Graphical Association, kapena kuti NGA. Othandiza pa makina, omanga mitolo, osesa ndi makalaliki adali kwina, ndipo pomafika 1982 adasonkhana m'bungwe la SOGAT. A NGA ndi a SOGAT ankakangana kawirikawiri za amene ali woyenera kugwira chitsulo chakuti, ndi za kusiyana kwa malipiro awo. Khomo lolowera ntchito lidali lopapatiza. Mnyamata ankaphunzira zaka zambiri, kale zinkakwana zisanu ndi ziwiri, ndipo kawirikawiri malo ankapita kwa mwana kapena mphwake wa amene ali kale m'kati. M'zipinda zosanjira zilembo akazi sankaonekamo. Munthu amene watseka khomo lake zaka zonse asadabwe ngati pa tsiku la moto anansi angoima patali nkumaonerera.

Sindikunena kuti mtovu ukadakhalapo mpaka lero. Kompyuta itafika, mtolankhani adatha kulemba nkhani yake molunjika, tsamba nkujambulidwa pa chitsulo chopyapyala chopepuka, popanda mphika wa mtovu kapena chikombole. Ntchito ya osanja zilembo ndi ya oumba zitsulo idali yoti itha ndithu. Funso lidali lakuti kodi itha bwanji, ndipo ndani adzasenza mtolo wa kutha kwakeko. Funso limeneli sayankha makina. Amayankha ndi anthu, ndipo adaliyankha mosiyana m'mizinda iwiri.

Ku New York, osanja zilembo motsogozedwa ndi Bertram Powers adanyanyala ntchito masiku 114, kuyambira Disembala 1962 mpaka Malichi 1963. Nkhondoyo idapweteka mbali zonse, ndipo nyuzipepala zingapo za mumzindawo zidafa m'zaka zotsatira. Powers adaphunzirapo. M'chaka cha 1974 adasainirana pangano la zaka 11 ndi New York Times ndi Daily News: makampani aike makina alionse amene afuna, koma mamembala amene ali pa ntchito asachotsedwe moyo wawo wonse. New York Times idasindikiza komaliza ndi zilembo za mtovu mu Julayi 1978. Luso lidatha, bungwe lidachepa, koma anthu adakalamba akulandira malipiro, ana awo akudya.

Ku London zidayenda mwina. Eni a The Times adatseka nyuzipepalayo kuyambira Disembala 1978 mpaka Novembala 1979, pafupifupi chaka chathunthu, pofuna kukakamiza mabungwe kuti avomere njira zatsopano. Adalephera, ndipo mu 1981 adaigulitsa kwa Rupert Murdoch. Osindikiza adasangalala kuti apambana, osadziwa kuti asinthanitsa mdani wotopa ndi mdani wanjala. Nthawi yomweyo boma la Margaret Thatcher lidakhazikitsa malamulo a 1980 ndi 1982 amene adachepetsa ufulu wa antchito wonyanyala pothandiza anzawo a kampani ina, ndipo adatsegula njira yoti chuma cha bungwe chilandidwe ndi khoti. Chenjezo lidamveka ku Warrington mu 1983, pamene NGA idalimbana ndi Eddy Shah, mwini wa timanyuzi taulere. Khoti lidailipitsa ndalama zambiri nkugwira chuma chake, ndipo akuluakulu a Trades Union Congress, likulu la mabungwe onse a apantchito, adakana kuiima kumbuyo pamene idafuna kuimitsa nyuzipepala zonse. Akuluakulu athu adati nkhanga zidapangana kusanapse. Osindikiza adaona utsi ku Warrington, koma sadapangane.

Amene adapangana ndi Murdoch. Adamanga nyumba yosindikizira ku Wapping, kum'mawa kwa London, nkuizinga ndi mpanda ndi waya waminga. Adalengeza kuti kumeneko kudzasindikizidwa nyuzipepala yatsopano ya madzulo yotchedwa London Post, imene sidatulukepo ndi tsiku limodzi lomwe. Mobisa adaikamo makompyuta, ndipo anthu oti ayendetse makina adawapeza kudzera m'bungwe la amagetsi la EETPU, lotsogozedwa ndi Eric Hammond. Ambiri ankabwera nawo pa basi kuchokera ku Southampton. Kuti asadalire sitima ndi antchito ake, adapangana ndi kampani ya malole ya TNT. Ndipo kalata ya maloya ake, imene idaululika pambuyo pake, idamlangiza kuti njira yotsika mtengo yochotsera antchito ndiyo kuwachotsa ali pakati pa kunyanyala, poti pamenepo lamulo silimkakamiza kuwalipira ndalama za wochotsedwa ntchito.

Pa 24 Januwale 1986 zokambirana zitalephereka, mamembala a SOGAT, motsogozedwa ndi Brenda Dean, ndi a NGA, motsogozedwa ndi Tony Dubbins, adanyanyala ntchito. Makalata owachotsa adali okonzeka kale. Anthu oposa 5,000 adataya ntchito nthawi imodzi, ndipo ambiri mwa iwo sadali amisiri a malipiro apamwamba aja. Adali makalaliki, masekeletale, osesa ndi amithenga. Atolankhani adalonjezedwa mapaundi 2,000 oonjezera pa chaka, ndipo ambiri adavomera kusamukira ku Wapping, kupatula ochepa amene adakana nkutaya malo awo. The Times, The Sunday Times, The Sun ndi News of the World zidapitirira kutuluka. Ochotsedwawo adaima pachipata chaka chathunthu, m'chisanu ndi m'mvula, akulimbana ndi apolisi okwera pa akavalo. Oposa 1,000 adamangidwa. Mu Febuluwale 1987 mabungwe adagonja, ndipo ndalama zimene kampani idapereka pambuyo pake sizidawabwezere ntchito zawo.

Tsono owerenga athu awerenge okha amene adagwira mpeni. Kompyuta sidalembe kalata ya maloya. Kompyuta sidakwere basi ku Southampton. Sidayendetse lole kudutsa pakati pa anthu olira pachipata, ndipo sidakweze dzanja pa msonkhano wa atolankhani. Adachita zimenezi ndi antchito anzawo, okhala ndi makhadi a mabungwe m'thumba. Amagetsi akadakana, makina akadakhala chete. Atolankhani akadakana, pakadasowa cholemba. Oyendetsa malole akadakana, mitolo ikadaunjikana pabwalo. Murdoch adapambana chifukwa adadziwa kuti aliyense wa iwo ali ndi mangawa ndi mnzake, ndipo adawagula mmodzimmodzi. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale mutuwo ukhale wa mmisiri wa zaka makumi atatu pa ntchito.

Nanga ufulu wa nyuzipepala umene adalonjeza uja uli kuti? Ankati mtengo wosindikizira ukatsika padzabuka nyuzipepala zambiri za maganizo osiyanasiyana. Zina zidabukadi. Today ya Eddy Shah idayamba mu 1986, koma chaka chotsatira idagulidwa ndi Murdoch yemweyo, amene adaitseka mu 1995. London Daily News idayamba ndi kufa m'chaka chimodzi cha 1987. News on Sunday, imene mabungwe a apantchito adaikamo ndalama, idachitanso chimodzimodzi chaka chomwecho. Sunday Correspondent idayamba mu 1989 nkutha mu 1990. The Independent, imene idayamba mu 1986, ndiyo idalimba, koma idaleka kutuluka pa pepala mu 2016. Pomatha zaka za m'ma 1980 nyuzipepala zikuluzikulu zidali zitasamuka ku Fleet Street, antchito zikwizikwi atachotsedwa, ndipo phindu lidatsalira eni ochepa omwe aja. Ndipo News of the World, imodzi mwa nyuzi zimene ankati zamasulidwa, idatsekedwa mu 2011 chifukwa cha mlandu womvetsera mobisa mauthenga a m'mafoni a anthu. Pamenepo padalibe wosanja zilembo kapena woumba chitsulo woti nkumnamizira.

Mapeto a mabungwewo ndi omvetsa chisoni. NGA ndi SOGAT, zimene zidalephera kukhala bungwe limodzi pamene umodziwo ukadawapulumutsa, zidaphatikizana mu 1991, nkhondo itatha kale. Pomafika 2005 bungwe lawolo lidali litalowa mu Amicus, mmene mudalinso otsala a bungwe la amagetsi lija, ndipo mu 2007 onse adakhala mamembala a Unite. Amene adaima pachipata ndi amene adadutsa pa basi adadzakhala m'nyumba imodzi, koma nkhokwe itapsa kale.

Abale anga apantchito, nkhani iyi ndi ya ku London, ndipo ndaisiya komweko. Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Makina atsopano adzafika pa ntchito iliyonse, ndipo wowaletsa palibe. Bungwe limene limateteza chitsulo lidzasungunuka pamodzi ndi chitsulocho. Bungwe lanzeru limateteza munthu: limapempha kuti aphunzitsidwe makina atsopanowo, kuti alipidwe moyenera ngati ntchito yake yatha, ndi kuti pangano lilembedwe mphamvu zikadalipo, monga adachitira a ku New York. Limatsegula khomo kwa akazi, kwa achinyamata ndi kwa aganyu, pakuti amene mwamtsekera kunja lero ndiye adzakwere basi mawa. Limayendetsa zinthu zake moona mtima, kuti mdani asapeze dzina labodza pa pepala la malipiro loti akaonetse dziko. Ndipo silinyoza wosesa, chifukwa pa tsiku la mavuto dzanja lake limawerengedwa chimodzimodzi ndi la mmisiri.

Tsiku lina mukadzaona chimodzi mwa zitsulo zopindika zija chitapachikidwa pakhoma, wina nkukuuzani kuti eni ake adaphedwa ndi nthawi, mudzamfunse kuti adayendetsa makina a ku Wapping usiku wa 25 Januwale 1986 adali yani.